Kirankishafiti Imene Inakana Chala cha Bambo

Bambo anga ndi makaniko, ndipo pamsewu wathu onse amawatchula kuti a Chala. Anzawo amayeza chitsulo ndi zida za manambala, iwo amangochisisita ndi chala, kutsinzina, n'kugamula kuti, "Apa padyeka." Chida choyezera ali nacho ndithu, koma chinkangogona m'kabati ngati mbale za alendo.

Galaja yawo ndi chipinda chimodzi chonunkha oyilo, ndipo pakhonde pake amayi amasokerapo zovala. Kwa zaka makumi atatu panali lamulo loti amayi asaponde m'galajamo, ati ulusi umalowa m'injini.

Lolemba lina kunabwera dokotala wa mano, munthu wokonda mipikisano ya galimoto kuposa odwala ake. Anatsitsa injini pamodzi ndi kirankishafiti yatsopano, chitsulo chokhotakhota chija chimene chimazungulira m'mimba mwa injini. Sinali yobadwa nayo galimotoyo, inali yoitanitsa padera, yopangidwira liwiro. Mpikisano unali Loweruka.

"Zikakukanikani mundiuze msanga, a Chala," anatero dokotalayo. "Anyamata a kutsidya kwa msewu ali ndi kompyuta."

Mawuwo anawalasa bambo pamtima. Chiyambire ntchito, palibe injini imene inatulukapo m'galaja mwawo pawilibala kupita kwa makaniko wina.

Chinatsala n'kusankha mabeyaling'i, tizitsulo tooneka ngati theka la chibangili timene kirankishafiti imagonapo. Bambo anasisita, anatsinzina, n'kukagula a masiku onse. Anawaika, anathira oyilo, chitsulo chinazungulira bwinobwino. Atangomanga mabawuti, gwa! Osasuntha. Akamasula chinkazungulira, akamanga chinkauma.

Lachitatu wolakwa anali wogulitsa mabeyaling'i. Lachinayi anali amene anapanga chitsulocho, anthu osadziwa ntchito. Lachisanu m'mawa wolakwa ndinali ine, mayi wa ana awiri amene ndinangobwera kudzawaona, chifukwa ndinayetsemula iwo akumanga bawuti. Ndinapsa mtima, koma nditawayang'ana ndinawamvera chisoni. Anali atakhala pachitini cha girisi, manja ali lende, akuyang'ana kutsidya kwa msewu.

Pamenepo makina osokera anasiya kulira. Amayi analowa, tepi ili m'khosi.

"Ulusi, mayi a ana, ulusi!" anakuwa bambo.

"Tandipatsani kachitsulo kamodzi inu."

Anakatenga okha pabenchi, anakweza magalasi awo n'kukaunika pakhomo. M'mphepete mwake munali kamzere konyezimira, kopyapyala ngati tsitsi. Kenako anayendetsa chikhadabo pangodya ya kirankishafiti, pamene chitsulo chimakhota.

"Awa ndi malaya othina m'khwapa," anatero amayi. "Pamimba akukwana, koma pangodya apa chitsulo chanuchi n'chonenepa. Mukamanga, kabeyaling'ika kakukwera pamenepa. Kafuneni topapatiza, tosemedwa m'mbali."

"Injini si diresi," anayankha bambo.

"Ndiye kabwerekeni wilibala."

Bambo anavala chipewa n'kutuluka osatsanzika. Kusitolo wogulitsa uja, amene anatukwanidwa Lachitatu iye osadziwa, anawafotokozera kuti zitsulo za mpikisano amazinenepetsa dala pangodya kuti zisathyoke, ndipo zili ndi mabeyaling'i akeake. Akanawauza kalekale, koma bambo anga safunsa. Ngakhale akasochera amati njira ndiyo yasochera.

Atabwerako ndi mabeyaling'i oyenerawo n'kuwaika, anachita chinthu chimene sindinaonepo. Anatsekula kabati, anatulutsa chida choyezera chija n'kuchipukuta fumbi. Anachimanga pachitsulo, anachiyandikitsa pamphuno, anachitalikitsa mpaka mkono kutha, kenako anatsokomola.

"Poti mwalowa kale, tawerengani apa."

Amayi anawerenga manambalawo mmodzimmodzi, bambo akuvomera ndi mutu ngati mphunzitsi woyesa mwana. Mpata wa oyilo pakati pa chitsulo ndi mabeyaling'i unali wokwana. Bambo anamanga mabawuti onse mpaka lomaliza, n'kukankha ndi dzanja limodzi. Chitsulo chinazungulira myaa, kawiri konse, chisanaime.

Ine ndinaomba m'manja. Bambo sanaseke. Anapukuta manja nthawi yaitali, ngakhale anali atayera kale, ndipo atayankhula mawu awo anali otsika.

"Mayi a ana, kamzere kaja ine sindinakaone. Maso angawa atha. Chino n'chaka chachitatu, koma ndinkaopa kuti anthu akamva, basi, ntchito yathera pomwepo."

Amayi anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda.

"Mwayesa sindidziwa? Nanga masipanala anu amawasanja ndani m'mawa uliwonse, kuyambira kakang'ono mpaka lalikulu, kuti muzingotola osawerenga nambala?"

Bambo anayang'ana benchi lawo ngati akuliona koyamba. Kenako anadzuka, anapukuta chitini cha girisi chija ndi chipewa chawo, n'kuwakankhira amayi kuti akhalepo.