Masabata Atatu Olengeza Ukwati wa Makolo Anga

Amayi anga anakhala zaka zoposa makumi atatu osalandira Ukaristia. Lamulungu lililonse ankapita nafe kutchalitchi chathu chaching'ono cha m'parishi ya Nguludi, n'kuimba nyimbo zonse mokweza. Koma anthu akayamba kundanda kupita kuguwa, iwo ankaweramitsa mutu n'kumakonzakonza mpango. Ukwati wawo ndi abambo unali wa ankhoswe okha, wosadalitsidwa. Ine zimenezi zinkandiwawa, ndipo nditakula ndinasiya kubisa.

Abambo sankakana kudalitsa ukwatiwo. Chimene ankaopa ndi kulengeza. Kwathu ukwati usanadalitsidwe, akatekisiti amauwerenga pamaso pa mpingo masabata atatu otsatizana, n'kufunsa ngati alipo wodziwa chifukwa choti awiriwo asakwatirane. Tsono abambo ali mnyamata anakwatirapo ku Namitambo. Anakhala pachikamwini zaka ziwiri, kenako tsiku lina m'mawa ananyamula khasu ndi bulangete n'kuchoka osatsazika. Mayi amene anawasiyawo anali akadali moyo, ndipo ankadziwika kuti salankhula mobisa.

"Iwe, ukufuna adzaimirire m'tchalitchi andivule pagulu?" abambo anandifunsa tsiku lina tikutong'ola chimanga.

"Nanga amayi adzafe osalandira chifukwa cha manyazi anu?"

Ndinayankha mwachipongwe, ndikuvomera. Anakhala mlungu wathunthu osandilankhula.

Chimene chinawagonjetsa si pakamwa pangapa ayi. Amayi anadwala, anagonekedwa m'chipatala, ndipo anabwerako ataonda moti chitenje chinkawazungulira kawiri. Patapita masiku ochepa abambo anavala jekete yawo ya kumaliro n'kupalasa njinga kukaonana ndi bambo mfumu, osauza munthu. Bambo mfumu atafufuza anati ukwati woyambawo sungaletse kanthu. Koma kulengeza kokha anati sikungadumphidwe.

Pepala lopita kwa akatekisiti ndinalinyamula ndine. Pamwamba pake panali liwu la Chingerezi lakuti publish, ndipo linandidabwitsa. Ine mphunzitsi wathunthu wa ku pulayimale, ndinkadziwa kuti liwulo ndi la anthu osindikiza mabuku ndi nyuzipepala basi. Lolemba ndinakatsegula dikishonale yaikulu ya mu ofesi ya ahedi. Ndinapeza kuti linachokera ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, ndipo poyambirira linkatanthauza kuika chinthu pamaso pa anthu onse. Linalipo makina osindikizira asanabwere, pamene malamulo ndi maukwati ankalengezedwa ndi pakamwa, monga achitira akatekisiti athu. Ndinathamangira nazo kwa abambo ngati ndatola nkhwangwa.

"Ndiye azungunso akudziwa kuti chikatuluka sichibwerera," anatero, osasangalala n'komwe.

Lamulungu loyamba, mayina awo atawerengedwa, tchalitchi chonse chinang'ung'udza mokondwa, ndipo mayi wina wa mumphakati wathu wa akhristu a m'mudzi anaimba nthungululu mpaka akatekisiti anamuyang'ana. Lamulungu lachiwiri kunali zii. Koma mawu akatuluka m'tchalitchi amakwera minibasi, ndipo Namitambo si kutali.

Lamulungu lachitatu tikufika, tinaona mayi wachikulire akutsika pa kabaza, atavala chilundu chatsopano. Ine sindinkawadziwa. Ndinawazindikira chifukwa abambo anaima chilili ngati chitsa, chipewa chili m'manja. Mayiwo sanapereke moni kwa aliyense. Analowa n'kukhala kumbali ya azimayi, pabenchi yachitatu kuchokera kutsogolo, pamalo poti aliyense awaone.

Misa ya tsiku limenelo sindinaimve. Mtima wanga unali pa amayi, amene anakhala pambali panga akupotokola kolona. Ndinadzida ndekha. Ndinaganiza kuti ukali wangawu ndi umene wawabweretsera manyazi pa ukalamba wawo.

Akatekisiti anawerenga mayina aja. Anafunsa funso lija, n'kudikira monga mwa mwambo. Mitu yonse inatembenukira ku benchi yachitatu. Mayiwo anangoyang'ana kuguwa, manja ali pamiyendo. Kunja mbuzi inalira. Akatekisiti anapinda pepala n'kuyamba kulengeza za ntchito yolambula kumanda.

Titatuluka, mayiwo anabwera molunjika kwa amayi, abambo n'kuwadutsa ngati mtengo.

"Anzanga, ndinamva kwathu kuti akulengezani," anatero atagwira dzanja la amayi. "Ndikanakhala kunyumba, anthu akanati sanamve, akanamva akanakaimirira. Ndiye ndati ndipite akandione ndili chete. Amunawa anandilakwira, koma inu simunandilakwire. Kalandireni."

Kenako anatembenukira kwa abambo.

"Inu, bulangete lija linali la amayi anga."

Abambo anagwada pafumbi pomwepo, jekete ili m'thupi, n'kupepesa anthu onse akuona. Zimene anaziopa zaka makumi atatu anazichita okha, popanda wowakakamiza. Mayiwo anaseka, nawauza kuti adzuke asadetse thalauzi.

Ukwati unadalitsidwa Loweruka lotsatira. Nthawi ya Ukaristia itakwana, amayi anayamba kukonzakonza mpango monga mwa chizolowezi. Ndinachita kuwagwira pamkono.

"Amayi, tiyeni."

Anaimirira. Pamzere paja ndinali kumbuyo kwawo, ndipo ndinalira njira yonse mpaka kuguwa.