Buku Limene Ndinabisa M'dengu la Makaka

Mabuku atsopano anafika pasukulu ya ku Msumba ali m'katoni ya sopo, atakwera galimoto ya nsomba yochokera ku Metangula. Ambiri anali a Chipwitikizi, koma ena anali a Chinyanja chathu. Apulofesola, monga timatchulira aphunzitsi kuno, mayi wachitsikana wochokera ku Lichinga, Chinyanja ankalankhula ndithu, koma kuwerenga ankachita ngati akuponda minga. Ndiye anapempha ine. Sukulu ndinaphunzira ku Malawi pamene tinathawa nkhondo, ndipo pobwerera chimene ndinafika nacho ndi kuwerenga basi, popeza mbuzi ndi ziwiya zinathera m'njira.

Ntchito yanga inali kuwerenga mabukuwo ndi kunena kuti ili n'la tiana, ili n'la osinkhuka. Ndinkawerenga masana pafupi ndi thandala la usipa, dzanja lina likuingitsa nkhuku. Ena anali okoma. Ena ankangolalikira za kusamba, ngati kuti ana athu satandala m'madzi tsiku lonse, ndipo ndinawauza apulofesola mosapsatira kuti amenewo ana adzawasandutsa mtsamiro.

Koma limodzi linanditsamwa. Linkanena za mtsikana amene atate wake anapita kunyanja osabwerako. Mtembo sunapezeke, akuluakulu anaika thunthu la nthochi m'bokosi, mwanayo osamuuza. Ndinakwiya ndi wolembayo. Anamulola ndani kulowa m'nyumba mwanga?

Amuna anga anatengedwa ndi mphepo ya mwera panyanja chaka cham'mbuyo mwake, pamodzi ndi mnyamata wa pakhomo loyandikana nafe. Tinafunafuna mpaka kutopa, osapeza mtembo ngakhale umodzi. Kenaka akuluakulu anachita monga timachitira: anadula nthochi, anaikulunga m'nsalu yoyera, tinaika maliro. Mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangotha msinkhu, tinamutumiza kwa azakhali ake ku Lunho, ndipo pobwera anangoonetsedwa mtumbira. Apongozi anga analamula kuti mwana sauzidwa zimenezi, mtima wake ukadali wanthete.

Kuyambira pamenepo mwanayo anatseka pakamwa. Ameneyu kale ndinkamunena kuti pakamwa pake palibe chitseko, koma tsopano ankangoti inde kapena ayi. Loweruka lililonse ankatenga tsache kukasesa pamanda. Ndinkamuona akupita, mtima kundiwawa, podziwa kuti akukagwadira nthochi. Ndinkaopa kuti nyanja yatenga bambo, ndipo chete ameneyu anditengera mwana.

Bukulo ndinalikankhira pansi pa dengu la makaka, chinangwa chathu chouma, kuti apulofesola akafunsa ndidzati linanyowa. Nzeru zandekha! Amene amasinja makaka pakhomo panga ndi mwana yemweyo. Tsiku lina ndinalipeza lili pamalo pake, koma pachikuto pali zala za ufa. Sindinafunse, iyenso sananene kanthu.

Patapita masiku tinali kudambo, tikuvuula chinangwa chimene tinavuika. Mwanayo anaweramira m'madzi, osandiyang'ana.

"Amayi, m'buku muja anaika nthochi. Nanga ife tinaika chiyani?"

Ndinakumbukira mawu a apongozi, koma bodza linakana kutuluka.

"Nthochi, mwanangu. Atate wako ali m'nyanja."

Sanadzidzimuke. Anati zimenezo anazimva kalekale kwa ana a asodzi, sabata yomwe anabwera kuchokera ku Lunho. Ndinamufunsa kuti nanga kumanda ankapitiranji.

"Ndinkasesa kuti inu musadziwe kuti ndikudziwa. Ndinkaona ngati mukadziwa mudzalira kwambiri."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Chaka chathunthu ine ndikumubisira, iyenso akundibisira, aliyense atasenza mtolo womwewo payekha. Tinalira awirife mpaka amayi ena amene ankavuula chapafupi anasiya ntchito n'kubwera kudzakhala nafe, osafunsa kanthu.

Pobwerera kunyumba ndi iye amene anayambitsa nkhani ya bukulo. Anati ndisalibisenso, ndilibweze kusukulu, ndipo woyamba kubwereka akhale mng'ono wake wa mnyamata uja anamira pamodzi ndi atate wake. Anati nayenso akudziwa za nthochi, nayenso akungokhala chete.

Ndinalibweza lili ndi zala zake za ufa. Apulofesola anafunsa mulu woti aliike. Ndinati n'la osinkhuka, koma mwana akalitenga azikaliwerengera pamene amayi ake akumva. Apongozi atamva zimene ndinachita sanandilankhule mwezi wonse, ndipo sindinawapepese.

Loweruka lotsatira m'mawa tsache linakhala pakhonde. Mwanayo anandigwira dzanja, tinatsikira kudooko, pamalo pamene atate wake ankakocheza bwato. Tinaima pamenepo, madzi akutinyowetsa mapazi. Ndiye anayamba kuwauza atate wake zonse za chaka chimenecho, mayeso, denga lodontha, mbuzi imene inaswa mapasa. Analankhula mpaka dzuwa linatentha, ndipo ine sindinamudule mawu.