Tsekwe amene ndinapatsa amake Esinati

Malemu amuna anga, amene ankapopera mankhwala ku esiteti ya tiyi, anandichenjeza kuti, "Tsekwe wa m'dambo la kumunsi kwa minda akalola kugwidwa ndi manja, usadye."

Sabata yatha ndinatola atsekwe awiri m'dambomo, akudzandira ngati oledzera. Kunyumba adzukulu anali atatopa ndi chigwada, ndiye kutaya ndinalephera. Mmodzi ndinakapatsa amake Esinati, oyandikana nawo nyumba, kuti ayambe ndi iwo kudya, ine ndione kaye.

"Achemwali, kupatsa mwayamba liti inu?" anandiseka, uku akumusosola nthenga.

M'mawa mwake mwana wawo Esinati anamutengera kuchipatala pa njinga, akusanza, thovu lili kukamwa. Tsekwe wanga ndinamukwirira kuseri kwa bafa, pakamwa n'kutseka. Masiku ano ukangotchula mankhwala a esiteti, a chipani amamva dzuwa lisanalowe.

Mwanayo watuluka, koma manja akunjenjemerabe. Amake sanandifunse kanthu. Dzulo anandibweretsera kambale ka nyemba, n'kukhala pakhonde kundiyang'ana mpaka ndinamaliza. M'mimba simunayambe kupota ayi. Komabe inu odutsa njira ya ku Nkando, muzigogodako pakhomo panga. Ndikapanda kuyankha, kankhani chitseko.