Orsolya, Wophika Mkate wa Matchalitchi Awiri

Orsolya anafika ku Serbia ali mtsikana, atakhala pamatumba a ufa m'ngolo yomalizira. Mfumu ya ku Hungary inali itapereka mwana wake wamkazi kwa kalonga wa kuno kuti nkhondo ya m'malire ithe. Mkwatibwiyo anabwera ndi wansembe wake wa mpingo wa Roma, komanso Orsolya woti aziphika mkate wa paguwa, wopyapyala uja wopanda chofufumitsa.

Ntchitoyo sinathe miyezi itatu. Mabishopu a mpingo wa Agiriki anakana kudalitsa ukwati mpaka mkwatibwi alowe mpingo wawo. Anamudzoza mafuta n'kumupatsa dzina lina, ndipo wansembe wa Roma anamanga katundu. Orsolya anamutsatira mpaka pachipata akulira.

"Bambo, nanga ine?"

"Tsala, mwana wanga. Mbuye wako azicheza ndi ndani m'chinenero chakwathu?"

Anamutumiza kukhitchini kwa Dragoje, wophika mkate wa tchalitchi cha kunyumba yachifumu. Tsiku loyamba Dragoje anatola kamkate ka Orsolya n'kukayang'ana padzuwa.

"Kodi ndi mkate kapena tsamba louma? Kwanu Mulungu mumamumana chonchi?"

"Bola wathu. Wanuwu watupa ngati mimba ya wansembe wanu."

Dragoje anaseka mpaka kutsamwa. Chaka chisanathe anamufunsira, ndipo wansembe wamimba yemweyo anawamangitsa ukwati. Mkazi wa wansembeyo ndiye anaphunzitsa Orsolya kudinda chizindikiro pamkate wofufuma. Orsolya anabereka ana asanu, mmodzi anamwalira ali khanda.

Makalata aukali ankayenda pakati pa Roma ndi mafumu awiriwo chifukwa cha ukwati wa kalonga uja, koma Orsolya ankangomvera kwa onyamula nkhuni. Lachisanu lililonse mbuye wake uja, amene tsopano anali mfumukazi, ankamuitana. Ankatseka chitseko, n'kumadya timikate topyapyala topaka uchi, akunena miseche m'chinenero chawo.

Patapita zaka, anthu okumba siliva a mpingo wa Roma anadzakhala m'tauniyo n'kumanga katchalitchi kawo. Anasowa wowaphikira mkate wa paguwa, ndipo Orsolya anavomera. Wansembe wake wa mpingo wa Agiriki atamva anabwera kudzadandaula.

"Mayi, mwabwereranso kwa Aroma?"

"Ayi, Bambo. Lamlungu simundiona kutsogolo? Koma anthuwa apemphere ndi chiyani, miyala?"

Wansembeyo anakanda ndevu, napempha kuti mikateyo isamagundane mu uvuni. Dragoje anamanga uvuni wina kuseri kwa nyumba, ndipo Orsolya anaphikira matchalitchi onse awiri mpaka manja atayamba kunjenjemera. Atakalamba ankakhala pakhomo kuwothera dzuwa, akukalipira mpongozi wake kuti wachulutsa mchere.