Mbatata ya a Stoffel Plaatjies

Ku Murraysburg, tauni ya m'chigawo chouma cha Karoo ku South Africa, mukafunsa za a Stoffel Plaatjies, alimi a nkhosa akuuzani kuti ndi mkulu uja amakonza mijigo yoyendera mphepo, wamfupi, wamakani, amene amakwerabe nsanja ya mjigo ngati mnyamata chikhalirecho mutu uli mbuu ndi imvi. Mukafunsa amayi a kutchalitchi, apukusa mutu n'kunena kuti ndi amuna awo a Ragel, aja a zidole. Onsewo akunena zoona.

Koma musakayerekeze kunena kuti zidolezo ndi za ana iwo akumva, khofi wanu simumaliza. Ndi tizifanizo tapulasitiki ta nyama zimene zinatha padziko anthu asanakhaleko: zamakosi ataliatali, zanyanga zitatu, zamapiko achikopa, zam'madzi zamano ngati sowo. Zinayamba ndi shelefu imodzi pabalaza. Pomwe ana awo aakazi ankakwatiwa n'kuchoka pakhomo, zinali zitalanda kale chipinda chonse cha atsikanawo. A Ragel ankaloledwa kusesa pansi pokha. Fumbi la pa zinyamazo ankapukuta eni ake Lamulungu masana, akuziyankhula chimodzichimodzi.

M'tauni yaing'ono chonchi munthu wamisala yotere amayenera kukhala yekhayekha, koma Mulungu ndi wachifundo, anawapatsa anzawo. Analipo a Faan Jantjies ometa tsitsi, mnzawo wa paubwana, pakamwa ngati wailesi. Analipo Dalene Booysen, namwino, amene ankaitanitsa katundu kunja chifukwa foni inkamvera iye yekha. Enawo anali amuna angapo ochokera m'matauni oyandikana nawo. Kamodzi pamwezi ankakumana kuseri kwa nyumba ya a Stoffel, kuotcha nthiti za nkhosa, n'kumakangana mpaka misempha kutuluka m'khosi za nthenga ndi milomo ya nyama zomwe palibe ndi mmodzi yemwe anazionapo.

Gululi linali ndi lamulo limodzi, ndipo mwini lamulo anali a Stoffel. Mtundu uliwonse wa nyama, chidole chimodzi basi. Chatsopano chikabwera, chakale chituluke m'nyumba: upatse mnzako wa m'gulu amene alibe mtundu umenewo, apo ayi chipite ku sukulu ya mkombaphala ya pa tchalitchi. Lamulolo silinali loipa ayi, linapulumutsa maukwati angapo. Choipa chinali kuuma mtima kwa mwini wake. Chaka china, a Faan atagula chatsopano cha mtundu womwewo, a Stoffel anawakakamiza kutulutsa chilombo chawo chakale chobiriwira, chokoka mchira pansi, chomwe anali nacho kuyambira ali mwana wa sukulu. A Faan anachonderera ngati munthu wa pakhoti, koma sizinathandize. Pasanapite masiku anachiona pabwalo la mkombaphala chilibe mutu, ndipo anakhala nyengo yonse yozizira osawapatsa moni a Stoffel.

Pa zidole zonse za m'chipinda chija, chimodzi chokha sichinachokere kufakitale. Zaka zambiri zapitazo, a Stoffel akukonza mjigo pa famu ina, anatsikira m'khwawa louma kukadzithandiza, ndipo anangoona chigaza chikuwasuzumira m'thanthwe: mlomo ngati wa kamba, mano awiri okha, oloza pansi. Anthu a ku yunivesite atabwera kudzachikumba anati nyamayo dzina lake ndi Disinodoni, inkadya zomera kuno komwe kuno zilombo zikuluzikulu zotchedwa madayinoso zisanabadwe. Kuchokera tsiku limenelo a Stoffel sanakhalenso bwino. Nyama ya kwawo, yogona pansi pa mapazi a nkhosa zawo, koma kampani ya kutsidya kwa nyanja yomwe ankagulako zidole inalibe nayo ntchito. Chaka ndi chaka inkangotulutsa chilombo chimodzi chomwecho, chamano aakulu ndi manja aafupi, pena chitayasamula, pena chitatseka pakamwa. Atatopa n'kudikira anatenga phala lomatira mathanki obooka, lija limauma ngati mwala, waya wa mpanda, ndi nsonga ziwiri za minga ya nungu, n'kuumba yawoyawo. Anaipaka penti yotsala pa geti.

Tinene zoona, siinali yokongola. Mwendo umodzi unafupika, diso lamanzere linakwera kuposa linzake. A Faan atangoiona anati, "Aise, mbatata imeneyi yamera mano bwanji?" Dzina linakhala lomwelo. Koma Mbatata inaima pakati penipeni pa shelefu yapamwamba, ndipo a Stoffel ankaikonda kuposa zonse zogula.

Kampani ija ili ndi kachitidwe kake kozunza nako anthu. Chaka chikamapita kumapeto siionetsa zidole za chaka chamawa nthawi imodzi ayi. Imayamba yatulutsa mthunzi wakuda wokha, anthu avutike n'kulota. M'mawa wina a Stoffel ali pamwamba pa mjigo wa kumapeto kwa tauni, anaona anthu awiri akuthamanga mumsewu wafumbi, Dalene ali m'yunifolomu, foni ili m'mwamba, a Faan ali pambuyo ndi epuloni yawo yometera, akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo.

"Tsika!" anakuwa a Faan. "Tsika msanga, koma usagwe! Ukafa lero ufa chitsiru!"

"Kwagwanji? Nyumba yapsa?"

"Oom Stoffel, tangotsikani," anatero Dalene, amene amuna aakulu onse amawaitana Oom, kutanthauza malume. "Mundiuze nokha ngati maso anga akunama."

Anatsika, n'kulandira foniyo ndi manja a girisi. Kamthunzi kakafupi, mimba ngati mgolo, mchira wongoyerekeza, ndipo pansi pa mlomo kansonga koloza pansi. A Stoffel anayang'ana, anapukuta maso ndi mkono wa ovolosi, anayang'ananso. Kenako mkulu wa zidzukulu, dikoni wa mpingo, anaponya chipewa m'mwamba n'kuyamba kuvina pafumbi pomwepo.

"Ndi iyeyo! Ndi wa kwathu ameneyu! Amukumbukira!"

A Faan anawagwira m'chiuno, nawonso n'kuvina. Mkati mwa gule ndi momwe anakumbukira kuti asiya abusa pampando, mbali imodzi ya mutu ili yosalala, inayo ikadali tchire.

Masiku otsatirawo mafoni sanapume. Munthu wina wa ku Cape Town analemba pa gulu la osonkhanitsa zidole la dziko lonse kuti mthunziwo ndi wa mvuu yamakedzana chabe, anthu a ku Karoo asatenthe mitima. A Stoffel, amene kulemba uthenga umodzi kumawatengera khofi wathunthu, anamuyankha ndi chala chimodzi mpaka msuzi unazizira patebulo. Wina anati kansongako ndi lilime. Wina anati ndi cholakwika cha wojambula. Kenako chithunzi chenicheni chinatuluka, ndipo wa ku Cape Town uja anangoti zii.

Inali nyama, abale. Khungu lamakwinya lofiirira ngati dothi la m'khwawa, mlomo wonyezimira, mano awiri oyera, maso aang'ono ofatsa ngati a nkhosa yokalamba. Madzulo amenewo anadzazana m'shopu ya a Faan, aliyense akukulitsa chithunzicho ndi zala. Anawerenga zikhadabo, zinakwana. Anakangana ngati miyendo yakutsogolo yatang'adza mokwanira. Dalene anati chachikulu chiime chokha, chisakhale ngati cha chaka chatha chomwe chimafuna kutsamira bokosi la machesi. A Faan anali atasindikiza kale chithunzicho n'kuchimata pagalasi lometera, pomwe makasitomala amayenera kuonera nkhope zawo.

"Tachioneni, anthuni," ankangobwereza. "Ndikachigwira m'manja ichi, mwezi wonse ndimeta ulere." Kenako anatembenukira kwa mnzawo, akumwetulira ngati munthu amene wadikira zaka. "Ndiye Mbatata iyambe kulongeza, eti Stoffel? Ana a mkombaphala akuidikira."

Onse anaseka. A Stoffel nawo anaseka, koma ndi pakamwa pokha. M'chimwemwe chonsecho anali asanaganizeko zimenezo.

Kunyumba anakaima m'chipinda chija nthawi yaitali. Lamulo linkalola kupatsa mnzako amene alibe, koma akanakhala wopanda ndani, poti gulu lonse linkaitanitsa yatsopano? Kunatsala ku mkombaphala. Ndipo phala lomatira mathanki silili ngati pulasitiki, likagwa pa simenti limasweka ngati kapu.

"Mwaima ngati mwaferedwa," anatero a Ragel ali pakhomo. "Lamulo munapanga nokha, liphwanyeni nokha. Akumangani ndani?"

"Ndikamuyang'ana bwanji Faan? Chake ndinachitumiza kukadulidwa mutu."

"Ndiye musaitanitse yatsopanoyo."

"Mayi, zaka zonsezi ndakhala ndikudikira chiyani?"

"Basitu, zanu zimenezo. Bwerani mudye, nyama zanuzo zinafa kale, sizithawa."

Kwa masiku angapo mtima wawo unkangopita uku ndi uku. M'mawa ankadzuka akuimba, n'kutsegula chithunzi chija asanasambe n'komwe. Masana akadutsa pa tchalitchi ndi pikapu yawo, ankaona ana akumenyetsa zidole pakhoma kuti aone cholimba, ndipo nyimbo inkathera pomwepo. Anaganiza zobisa Mbatata m'bokosi la zitsulo. Anaganiza zonena kuti Mbatata ndi mtundu wina, wa mwendo umodzi waufupi, umene akatswiri sanaupezebe. Koma a Stoffel, ndi makani awo onse, si munthu wabodza.

Loweruka la msonkhano linafika, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa kale. Nthiti zinali pamoto, tibuledi tootcha pamakala tikutuluka nthunzi, wina anabwera ndi botolo lomwe ankasungira Khirisimasi. Nkhani inali imodzi yokha: Disinodoni yatsopano. Uyu ati adzaiika pafupi ndi zenera, uyu ati watola kale mwala wa m'khwawa woti idzaimepo. A Stoffel anatuluka m'nyumba atanyamula kanthu kokulunga m'thaulo, n'kukaika patebulo. Anali atasankha: aitanitsa yatsopano, ndipo Lolemba Mbatata ipita ku mkombaphala, aipereka ndi manja awo.

Dalene anagogoda botolo ndi foloko. Katundu amabwera m'bokosi limodzi kuti mtengo wotumizira ugawidwe, ndiye anafuna kudziwa ofuna.

"Amene akufuna Disinodoni, mkono m'mwamba!"

Mikono inakwera ndi phokoso, ina ili ndi fupa m'manja. Wa a Stoffel unakwera pang'onopang'ono, koma unakwera. Dalene anayang'ana mozungulira n'kuima.

"Oom Faan, mwagona? Tikunena chija munamata pagalasi."

A Faan anapitiriza kupaka jamu pa buledi. "Sindikuchifuna."

"Iwe?" anatero a Stoffel. "Iwe amene unati umeta ulere?"

"Ndachiyang'anitsitsa. Miyendo yake yandinyansa. Ndipo mtundu wake ukungokhala ngati chiwindi chootcha."

Panalibe anakhulupirira. Munthu anali atatopetsa tauni yonse ndi chidolecho, mpaka makasitomala ena anayamba kukameta kwina. A Faan anapukuta zala pa buluku, n'kuloza thaulo lija ndi chibwano.

"Ndiye poti nonse mwaitanitsa, wopanda mtundu umenewu ndatsala ndekha. Lamulo likuti chiyani pamenepa, bwana wa malamulo?"

Apa m'pamene a Stoffel anamvetsa chomwe mnzawo ankafuna. Anatsitsa mkono. Anthu anasiya kutafuna.

"Faan, ukatenga iyi, yatsopano ija sudzaigulanso. Mtundu umodzi, chidole chimodzi."

"Ukundiphunzitsa ine lamulo? Linandiluma kale, ndikulidziwa mano ake."

"Koma ndi yonyansa. Wakhala ukunena wekha zaka zonsezi."

"N'zoona, ndi yonyansa zedi. Diso lina likuyang'ana kumwamba, lina likufuna ndalama yotayika. Koma zapulasitikizo adzagula aliyense wa ndalama, kuyambira kuno mpaka ku China. Iyi ilipo imodzi, ndipo anaiumba ndi chitsiru chomwe ndinakula nacho. Bweretsa kuno ndisanasinthe maganizo."

A Stoffel anayang'ana thaulo lija. Anamva manyazi aakulu, chifukwa iwo tsiku lija sanamumvere chisoni mnzawoyu ngakhale pang'ono, ndipo anamvanso chimwemwe choti sanadziwe pochiika. Ananyamula thaulo lija ndi manja awiri n'kulipereka.

"Mwendo wakumbuyowo uziuikira kapepala," anatero. "Imagwa."

"Ndikudziwa kuti imagwa. Ukaisowa uzibwera kushopu kudzameta, ndipo uzilipira."

Gulu lonse linaphulika ndi kuseka, wina anaimba mluzu, botolo linayambanso kuzungulira, ndipo mkangano wa miyendo unayambiranso pomwe unalekera. A Faan sanadikire kuti nyama ithe. Ananyamuka dzuwa likadalipo, ati kuopa kuti oledzera angagunde Mbatata. A Stoffel anawaperekeza mpaka pageti, n'kuima pamenepo akuyang'ana mnzawo, munthu amene moyo wake wonse sanayendepo pang'onopang'ono, akutsika msewu mwakachetechete, thaulo lili pachifuwa, akuzemba mwala uliwonse.