Ndakatulo ya a Makwinja yapata mphoto kunja, dzina lawo mulibe

Lachitatu lapitali ndinali m'katiyirumu kanga ka masiku onse pa boda pano pa Mchinji, ndikumwa tiyi uku ndikuonerera mathiraki atandandana kudikira kuwolokera ku Zambia. Ndinangoona bambo wina akutsamiritsa njinga kukhoma, matope mpaka m'maondo. Anali a Makwinja.

 Ino ndi nyengo yowokera fodya, ndipo tenanti sasiya munda nyengo ino pokhapokha kutagwa zovuta.

"Kwagwanji, achimwene?" ndinafunsa.

"Kulibe choipa, aphunzitsi. Tabwera ndi nkhani yabwino."

Kwa inu amene simuwadziwa, a Makwinja kwawo ndi ku Phalombe. Anabwera kuno ali mnyamata kudzalima fodya pa esiteti ina ku Kapondo, ndipo imvi zawapezera konkuno. Ndinadziwana nawo pamene ndinkaphunzitsa pa sukulu ya kufupi ndi esitetiyo. Munthuyu ndi mlakatuli. Salemba papepala, ndakatulo zawo amazisunga m'mutu, koma akaimirira m'tchalitchi kapena pa ukwati, ngakhale makanda amasiya kulira.

Anatulutsa jumbo. M'jumbomo munali jumbo ina, m'menemo munali chitenje cha akazi awo, ndipo m'chitenjemo munali buku lonenepa la Chingerezi, pachikuto pali kachizindikiro konyezimira ngati golide.

Nkhani yake ili motere. Zaka zingapo zapitazo kunabwera mayi wina wa ku Ulaya ndi kachipangizo kojambulira mawu. Ankazungulira maiko akutolera ndakatulo za m'zilankhulo zathu zino kuti akazimasulire. Anafika ku tchalitchi kwa a Makwinja ali ndi womasulira wake, bambo wa taye wochokera ku Lilongwe. Tsiku limenelo a Makwinja analakatula ndakatulo imene sailakatula wambawamba, ya mwana wawo wamkazi, Takondwa. Mwanayu anamwalira asanayambe n'komwe sukulu, ndipo anaikidwa kumphepete kwa manda a eni mudzi, chifukwa kunyamula mtembo mpaka ku Phalombe sikukanatheka.

Tsopano buku lija latuluka, ndipo mayi uja watumiza limodzi ku tchalitchiko. Akulu a mpingo anawauza a Makwinja kuti kachizindikiro kaja kakutanthauza kuti bukuli lapata mphoto pakati pa mabuku a ndakatulo a chaka chino. Koma Chingerezi cha m'ndakatulo chinawakanika, ndiye anati pitani kwa aphunzitsi aja pa boda.

"Atituma ndi mayi ake a Takondwa," anatero a Makwinja. "Akuti mutipezere pamene alemba dzina la mwana, muikepo chizindikiro, nawonso akaone ndi maso awo. Mukudziwa, pamanda paja palibe chipilala. Mtanda uja chiswe chinamaliza kalekale."

Ndinavala magalasi. Ndinayamba ndi mayina a alakatuli koyambirira kwa buku. Ndinatsika ndi chala, n'kukweranso. Makwinja munalibe. Ndinati mwina alakwitsa kalembedwe, azungu dzina lathu akaligwira amalithyola msana. Ndinafunafuna chilichonse choyandikira. Zii.

Ndakatuloyo ndinaipeza chapakati pa buku, ndipo ndinaizindikira chifukwa cha fodya. Ndinaimvapo m'Chichewa, ndipo mizere yake yobwerezabwereza sindinaiiwale:

Takondwa, Takondwa, dzuka tizipita,
fodya tamanga, chigafa chatsala chokha,
mayi ako amanga kale mtolo.

Pamwamba pa tsambalo analemba kuti iyi ndi nyimbo ya maliro ya makolo a Achewa, ndipo mwini wake sadziwika. Pansi pake, dzina la mayi wa ku Ulaya uja lili ng'aa, m'zilembo zakuda bii.

Sadziwika. Munthu ali pamaso panga, akupukuta thukuta ndi chipewa, wapalasa njinga m'matope kuchokera ku Kapondo. Mlomwe wa ku Phalombe wasanduka makolo a Achewa. Ndipo makolo akewo ndi ati amene ankamanga fodya m'zigafa za pa esiteti?

Koma chimene chinandiwawa koposa ndi mzere woyamba uja. Pojambula mawu, dzina silimveka kuti layamba ndi chilembo chachikulu. Ndiye Takondwa, mwana amene anali ndi nkhope ndi mayi womulira, analowa m'Chingerezi ngati mawu wamba oti tasangalala. Tsambalo likuti: tasangalala, tasangalala, dzukani tizipita. Ndipo m'mawu oyamba a bukulo mayi uja akuyamikira mtundu wathu kuti imfa timailandira mokondwera, akuti anthu a kwawo ali ndi zambiri zoti aphunzire kwa ife.

Awerengi anga, ndakhala ndikulemba m'danga lino nthawi yaitali, ndipo mukundidziwa kuti sindichedwa kupsa mtima. Koma tsiku limeneli sikunali kupsa mtima kokha. Ndinamva manyazi, ngati ndine ndawabera.

Ndinafunsa, "Achimwene, mayi uja atakufunsani kuti ndakatuloyi ndi ya ndani, munayankha chiyani?"

"Tinati ndi yathu."

Basi, ndinati mumtima, nkhani yathera pamenepo. Mmalawi wamkulu akamalankhula ndi mlendo sanena kuti ine. Amati ife. Njinga yathu, munda wathu, tadwala mutu. Ndi ulemu umene tinayamwira. Bambo wa taye uja anangotenga yathu n'kumuponyera mzungu momwemo, mzungu n'kumva kuti ndi ya mtundu wonse, n'kulemba mosangalala kuti wapeza chuma cha makolo.

Mayi uja sindimuda kwambiri. Chichewa sachidziwa, ndipo anachita bwino kukumbuka kutumiza buku. Ngakhale ndinene kuti munthu amene ukufuna kulandira mphoto pa misozi ya mnzako, kufunsa kawiri sikukanakupha. Amene ndili naye mkwiyo ndi wathu yemweyu wa tayeyu. Iyeyu sadziwa kuti bambo wamkulu akati yathu angathe kutanthauza yake? Iyeyu sanamvepo dzina loti Takondwa? Ndikhulupirira kuti kubanja kwawo aliko Takondwa, mwina awiri. Anadziwa zonsezi. Chimene sichinalowe m'mutu mwake n'chakuti bambo wovala patapata, wa manja akuda ndi utomoni wa fodya, angapeke yekha chinthu chokongola chotero. Kwa anthu ena, wolemera akapeka chinthu ndi luso lake, wosauka akapeka ndi chikhalidwe chathu.

Kumapeto kwa chaka kuno ndimakonda kuwerenga pa foni nkhani za ndakatulo za m'maiko ena. Anzathu amakhala pansi n'kuunika chaka chonse: mabuku amene atuluka, amene apata mphoto, alakatuli amene amwalira. Mlakatuli wa kumeneko amamudziwa dzina, nkhope, mudzi umene anabadwira, mpaka mphaka wake amamujambula. Akatsokomola, nyuzipepala zimalemba. Wina akangotenga mizere iwiri ya mnzake osatchula dzina, amayaluka dziko lonse ndipo mphoto amamulanda.

Nanga kuno?

Pitani pa msonkhano uliwonse pa boma. Akuluakulu akalankhula mpaka anthu kuwodzera, woyendetsa mwambo amati, "Tsopano timve kandakatulo pamene azimayi akutikonzera chakudya." Kandakatulo. Dzina la mlendo wolemekezeka amalitchula ndi maudindo ake onse, mpaka a mkazi wake. Mlakatuli ndi "mnzathu uja wa ndakatulo". Akamalakatula, mlendo wolemekezekayo ali pa foni, ndipo akangofika pakati, woyendetsa mwambo wayamba kale kumuyandikira n'kumanong'ona kuti afupikitse.

Pa mafoni pathu ndiye musanene. Ndakatulo ikakoma imayenda gulu ndi gulu, koma dzina la mwini wake limagwera panjira. Woyamba amaiwala kulikopera, wachiwiri sakudziwa, wachitatu amaikapo lake. Ndi angati mwa inu amene munaseka kapena kulira ndi ndakatulo chaka chino, ndipo mungathe kunditchulira amene anaipeka? Ndikudikira.

Pa boda pano ndimaona zodabwitsa. Thumba la simenti silidutsa osadziwika mwini wake. Dzina likangolakwika chilembo chimodzi, thiraki imaima padzuwa mpaka dalaivala kudziwana ndi ogulitsa chimanga chootcha onse. Matayala, feteleza, zitenje, chilichonse amafunsa kuti chachokera kuti ndipo ndi cha ndani. Koma ndakatulo ya a Makwinja inatuluka m'dziko muno, n'kuwoloka nyanja zamchere, n'kukapata mphoto, popanda munthu mmodzi wofunsa bwinobwino funso lomwelo.

Ndiye tisamadabwe kuti akamawerenga alakatuli a chaka m'dziko lapansi, ife timapezekamo ngati mtundu, osati ngati anthu. Tinayamba tokha kufufuta mayina a anzathu, alendo angomalizitsa.

Zonsezi zinkandiyenda m'mutu a Makwinja akuyang'ana chala changa pa tsamba lija. Tiyi amene ndinawaitanitsira anali atazizira. Ndinaganiza zowanamiza. Zikanakhala zosavuta kuloza mawu alionse n'kunena kuti dzina ndi ili. Koma munthu wamkulu sumunamiza pa nkhani ya mwana wake. Ndinawauza zonse, pang'onopang'ono. Dzina lawo mulibe. Dzina la mwana mulibe. Ndinawauzanso chimene mawu oti Takondwa asanduka.

 Panja osintha ndalama ankakuwirira basi imene inali itangofika.

Chifukwa choti mkwiyo unalibe kopita, ndinautula pa iwo omwe. "Komanso inu achimwene, ulemu wanuwu ndi umene wakupwetekani. Mukanangonena kuti ndi yanga. Yanga! Mawu amodzi okha. Tizisiya zomati yathu, yathu, pa zinthu zimene munthu wavutika nazo yekha."

Anandiyang'ana modabwa.

"Ayi, aphunzitsi, sunali ulemu. Ndi yathu ndithu, ine ndi mayi ake. Mwanayo sindinabereke ndekha. Mzere wa mtolo uja ndi wawo. Chaka chimene chija titamanga fodya, iwo anamangadi katundu kuti tizibwerera ku Phalombe. Atafika pakhomo anakhala pansi, akuti sindingamusiye yekha kuno. Ndiye tikadali kuno mpaka lero."

Ndinasowa poyang'ana. Ine ndi Chichewa changa chonse, ndi zaka zonse ndakhala ndikukonza galamala ya ana a eni, nanenso ndinali nditamva yathu molakwika. Mayi wa ku Ulaya uja anamva mtundu wonse, ine ndinamva munthu mmodzi, pamene anali anthu awiri. Ndiye kuti m'buku lija mwasowa mayina atatu, osati awiri.

Ndinawauza kuti tikhoza kuyesa kumupeza mayi uja, timuuze akonze akamadzasindikizanso. Anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira munthu amene walonjezedwa zinthu zambiri pa moyo wake. Kenako anati, "Ikanipobe chizindikiro pamene payambira ndakatuloyo."

Ndinatenga bolopeni n'kudula kamzere pansi pa mawu awiri oyamba aja, omwe akuti tasangalala.

Anakulunga buku m'chitenje, chitenje m'jumbo, jumbo m'jumbo inzake, n'kumangirira pa kaliyala ndi lamba wa chubu. Mitambo inali itayamba kuda cha ku Kapondo.

"Mukawauza chiyani mayi ake?" ndinafunsa.

Anakankha njinga pang'ono, n'kuima.

"Tikawauza kuti dzina lilimo, koma analilemba m'Chingerezi."

Ndinawaperekeza ndi maso mpaka anazimiririka kuseri kwa mathiraki. Pofika pano mayi wina ku Kapondo wagwira kale tsamba lija ndi manja awiri, akuyang'ana kamzere kanga, akukhulupirira kuti mwana wake wapeza chipilala. Ndipo kutali uko, anthu ophunzira akuwerenga tsamba lomwelo, akugwedeza mitu, akuuzana kuti anthu a ku Mchinji mwana akamwalira amati takondwa.

Inu mwakondwa?