Mizere itatu imene ndinabzala mwezi uli chagada

Sukulu anandilanda ndili Fomu 2, ndipo nkhani imeneyo sindifuna kuikamba. Ndikamba za chaka chimene ndinali Sitandade 7, ndikudziona wanzeru kuposa aliyense kwathu ku Biriwiri.

Chizimalupsa chinagwa masiku awiri otsatizana, nthaka nkununkhira. Ena anathamangira kumunda ndi mbewu. Ife tinali ndi kathumba kamodzi kokha ka mbewu ya chimanga, ndipo bambo sanakamasule.

Madzulo ake ndinawaperekeza ku golosale ya Che Saidi kukagula mchere. Dzuwa linali litangolowa, kamwezi katsopano kali pamwamba pa phiri. Bambo anakayang'ana.

"Ukadali chagada uwu. Wasunga madzi ake. Tibzala ukapendeka."

Ndinaseka mokweza, anthu a pabawo akumva. "Bambo, mwezi si beseni. Aphunzitsi anati ndi chimwala chabe."

"A Phiri, mwabereka wailesi," mmodzi wa pabawo anatero, onse nkufa nacho chikhakhali.

Bambo sanandimenye. Titafika kunyumba anamasula kathumba kaja, natapa mbewu yodzadza kapu. "Kabzaleni, aphunzitsi."

Ndinabzala mizere itatu m'mphepete mwa njira, kuti aliyense aone. Chinamera bwino. Kenako dzuwa linaswa mtengo milungu itatu, masamba nkupotana ngati fodya, ndipo aliyense anaonadi.

Tsiku lina dzuwa likupendeka amayi anandituma sopo ku golosale kuja. Che Saidi, amene ankadikira mwezi watsopano chaka chonse chifukwa cha kusala kudya kwa Asilamu, anandiitanira panja atatenga mbatata ya kachewere. Anaikweza pamwamba penipeni pa dzuwa.

"Iwe wailesi, kuwala kuli mbali iti?"

"Kunsi."

Anasuntha mkono chakumanja. Kuwala kunasamukira m'mbali mwa mbatatayo.

"Waona? Mbatata sindinaitembenuze. Mwezi umawala mbali imene kuli dzuwa, basi. M'chilimwe umaima pamwamba penipeni pa pomwe dzuwa lalowera, ndiye umaoneka ngati mbale. Dzinja likamafika umayamba kuima chammbali, nkumaoneka wopendeka."

"Ndiye madzi mulibemo?"

"Mulibe. Pamenepo unakhoza. Koma bambo ako samayang'ana madzi. Amayang'ana ngati nyengo yafika."

Mwezi wotsatira unatuluka utapendeka pang'ono. Patadutsa masiku angapo mvula yeniyeni inagwa, ya usiku ndi usana, ndipo tinabzala. Mbewu inatha tisanafike pa mizere yanga itatu ija. Bambo anaima pamenepo, kapu yopanda kanthu ili m'manja, nati, "Apa ubzale nyemba, ukauze amayi ako akupatse." Chimanga chimene tinakolola chaka chimenecho chinathera m'nkhokwe kutatsala sabata kuti tiyambe kudya mondokwa, ndipo ine ndekha ndinkadziwa kumene sabata imeneyo inapita.

Munda uja ndikulima ndine tsopano. Mvula ya masiku ano ndi yabodza, imanamiza mwezi, imanamizanso wailesi. Komabe chizimalupsa chikagwa sindithamanga. Ndimafukula nthaka ndi chala, ndimayang'ana kumadzulo, ndimadikira. Ndinazindikira kuti munthu akhoza kulakwitsa pofotokoza chifukwa chake, koma chinthucho akuchidziwa bwino kuposa iwe amene ukumuseka. Chimanga changa chaka chino chili m'mapewa.